Mapulagi Anayi a Bambo Likongwe

Esinala analota galimoto ya malemu amuna ake ikumuitana ndi dzina, dzuwa lili paliwombo. Inali yofiira ija imene a Likongwe, makaniko wa ku Biwi, anaisiya pansi pa mtengo wa mapeyala. Injini yake inalibe mapisitoni, mkatimo munkangozungulira zitsulo za ngodya zitatu. Chimwalirireni iwo, Esinala ankailiza kamphindi m'mawa uliwonse n'kuizimitsa, poti a Likongwe ankamvekabe m'kulira kumeneko basi. Koma inayamba kutsokomola, kudukizadukiza, ndipo dzulo lake inakaniratu.

M'malotomo, atatsegula boneti anapeza mkatimo muli msewu wa ku Dedza, ndi mapiri ake omwe. M'mphepete mwa msewuwo munakhala a Likongwe, ali ndi ovolosi yawo, akumasula mapulagi. Anawayala onse anayi pachitenje cha Esinala.

"Nunkhizani, mayi," anatero a Likongwe.

Ananunkhiza. Petulo yekhayekha, nsonga zake zili bii, zonyowa. Pulagi imodzi inakhosomola n'kunena mwaulemu, "Pepani mayi, tamira. Moto tilibe."

"Si mawaya, si koyilo ayi," anatero a Likongwe. "Ndi inu."

"Ine? Ha! Ine amene ndimaipukuta tsiku ndi tsiku?"

"Mumaidzutsa n'kuigonekanso isanatenthe. Petulo amatsalira, mwaye n'kumaunjikana. Injini imeneyi imafuna msewu."

"Ndimangofuna kukumvani, bambo," anatero Esinala. Anawasowa koopsa amuna akewo, chonsecho anali pomwepo, moti akanatha kuwagwira kolala.

A Likongwe anakwecha mapulagi aja ndi burashi, anawauzira mpweya, n'kuwabwezera. Kenako anamukhazika Esinala pachiwongolero, munthu woti laisensi yake inachita nkhungu m'sutikesi, iwo n'kukhala pambali. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, mosalala, ngati tsiku lija anadzamutenga nayo kwawo.

Kuchoka pamtengo kukafika pageti ndi mapazi makumi awiri okha, koma anayenda dzinja lonse. Chimanga chinamera m'mbali, chinabereka, anthu anakolola. Atafika, a Likongwe anatsika n'kutsegula geti.

"Kwerani tizipita," anatero Esinala.

"Getili likufuna woligwira. Inu pitani. Musazimitse isanatenthe."

Esinala anadziwa kuti akaima pamenepo injini imiranso, ndipo sadzawamvanso. Anaponda mafuta. Pagalasi a Likongwe ankachepa, kuchepa, atagwirabe geti, koma kutsogoloku injini inkalira momveka bwino kuposa kale lonse, ndipo iye analira nayo limodzi.

Anadzuka zala zake zili bii ndi mwaye. Anatenga makiyi pamsomali, n'kutuluka. Galimoto anaidutsa osaikhudza, anayamba wakatsegula geti, ndipo poti panalibe woligwira, analitchinga ndi mwala.