Biti Yopyapyala

Amalume anga, Ba Norbert, anasamalira akavalo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa khola lina kuseri kwa Woodlands. Ndi amene anandiphunzitsa kukwera, pa tchuthi, ndili mwana. Nditamaliza Giredi 12 ndinayamba kupita nawo tsiku lililonse kuchokera ku Chelstone, chifukwa akavalo sakufunsa chifukwa chake sulankhula.

Panali kavalo wofiirira dzina lake Mweshi. Mwini wake anali Ba Chibesa, mayi a ku Kabulonga. Mwana wawo atapita kukaphunzira kunja, Mweshi anasowa womukwera, ndiye anandilola ine. Kenako anandilembetsa mpikisano wa diresaji, umene kavalo sathamanga kapena kudumpha, amangoyenda mwadongosolo oweruza akuyang'ana phazi lililonse, khosi litapindika bwino, mutu uli pansi.

Mweshi mutu sankautsitsa. Ankauponya m'mwamba ngati akuthamangitsa ntchentche.

“Norbert, kavalo uyu ndamulipilila mpikisano,” anatero Ba Chibesa tsiku lina ali pampanda, magalasi akuda ali kumaso. “Nisakachite manyazi pamaso pa banzanga.”

“Azatsitsa, madamu. Afuna chabe nthawi.”

Biti ndi kachitsulo kamene kamalowa m'kamwa mwa kavalo, zingwe zimamangidwa ku mphete zake ziwiri. Amalume anasankhira Mweshi yokhuthala, yosalala, yopindika pawiri kuti igone bwino pa lilime. Anali ndi njira yawo yoyesera. Ankaika biti mkati mwa mkono, pamene khungu ndi lofewa, n'kuuza munthu kuti akoke zingwe.

“Biti sitisankha na maso, Yande,” ankatero. “Ikakuluma iwe, izaluma na kavalo. Ndipo vuto si kamwa yake. Ni manja yako aya, yalimba monga ukoka wilibala ku msika wa Soweto.”

Ndinaseka, koma zinandipweteka.

Kutatsala masiku atatu kuti mpikisano uchitike, amalume anapita kumaliro ku Kabwata. Ndinatsegula bokosi la zitsulo zakale ndipo ndinapeza biti yopyapyala, yopindika pakati pokha. Mabowo odutsa mphete anali atadyeka, m'mbali mwake munali mwakuthwa. Ndinaiyesa pa mkono monga anandiphunzitsira, chingwe china ndikukoka ndi mano. Inanditsina mpaka khungu linang'ambika pang'ono.

Ichi ndicho chimene sindinauze aliyense panthawiyo. Ndinaiyesa. Ndinadziwa. Ndinatsitsa dzanja la juzi, n'kuiika m'kamwa mwa Mweshi.

Mutu unatsika nthawi yomweyo. Khosi linapindika ngati la pa chithunzi. Ba Chibesa anafika madzulo amenewo, anaombera m'manja.

“Ona mwana uyu! Uli na manja ya golide, iwe.”

Palibe munthu wamkulu anali atandiuzapo mawu otere. Ndinabwerera kunyumba pa minibasi ndikungowabwereza mumtima, mkono ukutentha.

Masiku otsatirawo, amalume atabwera, ndinagwiritsa ntchito biti yawo. Koma m'mawa wa mpikisano, atamanga zonse n'kupita kukatenga nambala yanga, ndinabwezeretsa yopyapyala ija. Mweshi anakana kutsegula kamwa. Ndinalowetsa chala pakona ya milomo mpaka anatsegula.

Tinalowa m'bwalo. Fumbi la mu Okutobala linali lotentha, anthu ali chete. Tinazungulira kawiri bwinobwino. Pozungulira kachitatu ndinamva belu. Woweruza anatuluka m'kanyumba kake atanyamula kansalu koyera, anapukuta pakamwa pa Mweshi, n'kukweza kansaluko. Kanali kofiira. Kavalo akatuluka magazi m'kamwa, mpikisano wako wathera pomwepo.

Kuseri kwa khola, Ba Chibesa anavula magalasi.

“Norbert, ndani amanga vitsulo pano?”

Amalume anali atachotsa bitiyo. Anaiyang'ana, anapisa chala m'bowo lodyekalo. Sanandiyang'ane.

“Ndine, madamu.”

“Zaka zonse izi, uika chitsulo chowola mukamwa mwa kavalo wa mwana wanga? Na mwana uyu wamuonongela tsiku yake!”

Ba Chibesa anandigwira paphewa pondipepesa. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Ba Chibesa ali ndi akavalo anayi pa kholapo, choncho eni khola anawamvera. Lolemba amalume anauzidwa kuti asabwerenso.

Tsiku limenelo ine ndi amalume tinakwera minibasi imodzi. Titadutsa Kabulonga, anandigwira dzanja, n'kukweza dzanja la juzi pang'onopang'ono. Nkhanambo inali ikadalipo.

“Unaiyesa,” anatero.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

“Nenze kuganiza kuti sunadziwe.” Anatsitsanso juziyo bwinobwino, monga amafunditsira kavalo. “Uzimusambika kamwa na madzi ya mchele. Kawili pa tsiku. Osamuika chitsulo masabata yatatu, olo madamu akambe.”

Tinatsika ku Chelstone.

Ndinadikira masiku khumi ndi limodzi ndisanapite ku Kabulonga. Ndinaima pageti nthawi yaitali, mlonda akundiyang'ana. Ba Chibesa atatuluka ndinawaonetsa mkono n'kunena zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ufuna kuombola ba malume bako,” anatero mofatsa. “Ndiwe mwana wabwino. Koma tapeza kale wina, ayamba mawa.”

Anandipatsa botolo la madzi ozizira kuti ndimwe panjira.

Amalume tsopano amathandiza mnzawo kugulitsa zakudya za nkhuku pafupi ndi City Market. Akabwera kunyumba kwathu amafunsa za Mweshi yekha. Ndimawauza kuti bala linapola, ndipo ndi zoona. Chimene sindiwauza n'chakuti ndikalowa m'khola nditanyamula biti, ngakhale yawo yosalala ija, Mweshi amatembenukira kukhoma n'kukweza mutu pamene dzanja langa silifika.