Dzino Lokana Kuyera

Kutatsala milungu itatu kuti akwatiwe, Janelle anafika kwa bambo ake ndi kabokosi m'manja.

"Adadi, umu muli timapepala toyeretsa mano. Muzimata pamano m'mawa uliwonse, theka la ola basi. Akwawo kwa Brantley onse ayamba kale."

Bambo Orville Pruitt anakayang'ana kabokosiko ngati muli njoka. Zaka makumi anayi akhala akumwa khofi wakuda ndi kutafuna fodya kufakitale ya matayala ku Akron, palibe anadandaulapo za mano awo. Malemu akazi awo anawakonda choncho mpaka kumanda.

"Kodi Brantley wakoyo akukwatira iwe kapena mano anga?"

"Zithunzi sizifa, Adadi. Chonde musakandichititse manyazi."

Mawu amenewo anawalasa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kukaima pambali pa mwana wawo pachithunzi, akumwetulira ngati bambo wina aliyense. Ndiye anayamba kumata. Khofi anamusiya. Akamwa madzi ozizira mano ankabaya ngati singano, koma sanaphonye tsiku.

Mano anayeradi mbee, kupatula limodzi. Lakutsogolo kwenikweni linatsala lachikasu, lowonekera patali.

Kutatsala masiku anayi anapita kwa dokotala wa mano, mtsikana wamsinkhu wa Janelle, woseka ndi mano ngati mbale zatsopano.

"Bambo, ili ndi dzino loikirira, mankhwala salilowa. Amene analiika analifananitsa ndi mtundu wa mano anu a nthawi imeneyo. Mukanatifunsa kaye. Latsopano limatenga milungu iwiri."

"Pakabokosipo sanalembe zimenezo."

"Analemba, kumbuyo."

Analembadi, tizilembo tonga nyerere, toti munthu wa maso okalamba asatione.

Dzino lawo lenileni linathyoka ndi chitsulo kufakitale, Janelle ali ndi zaka zisanu. M'mawa mwake anabwerera kuntchito mlomo uli wotupa, kuti mwanayo adye. Loikiriralo linakhala mwaulemu pakati pa anzake zaka makumi awiri ndi zisanu, osadziwika ndi munthu.

Pa tsiku la ukwati wojambula anawandandalitsa pakhomo la tchalitchi. "Tiyeni nonse, mano panja!"

A Pruitt anamwetulira ndi mtima wonse. Janelle anawayang'ana, kenaka anawatsina pamkono.

"Adadi," ananong'ona, "ingotsekani pakamwa. Mumaoneka bwino mukakhala phee."

Anatseka.

Chithunzicho chinabwera patapita mwezi, Janelle anachibweretsa yekha. Anthu makumi atatu akuwala mano, iwo okha atalumanitsa milomo ngati ali pamaliro.

"Apongozi akufunsa ngati simunakondwe ndi ukwatiwu," anatero Janelle. "Ndiwayankhe chiyani?"

"Uwauze kuti ndinamvera."

Atachoka, anachivundikira chithunzicho patebulo, natereka khofi wakuda bii. Anamwa pang'onopang'ono, akumuzungulitsa m'kamwa, kuti mano enawo abwerere msanga kumene anamusiya mnzawo.