Tchire la a Khansala

A Modester anali akusita shati yoyera ya amuna awo pamene kalata inagwera pansi kudzera pa kabowo ka pachitseko. Anaimika simbi n'kukaitola. Inali ya amuna awowo, a Overtone, yochokera ku komiti yoyang'anira timinda ta m'mbali mwa njanji, kumene anthu a mu Rotherham, ku England, amabwereka malo olimapo ndiwo.

A Overtone anaiwerenga ali chiimire, tayi ili m'manja.

"Akuti munda wanga wasanduka tchire. Ndikapanda kulambula pofika kumapeto kwa Ogasiti, aupereka kwa wina."

Kamundako sikanali kamasewera. A Overtone anali mlimi wa mtedza ku Mchinji. Atatsatira akazi awo, omwe anapeza ntchito ya unamwino kuno mu 2002, anatha chaka chathunthu akunyamula makatoni kosungira katundu, osaseka. Anayambanso kuseka tsiku limene anapatsidwa kamundako. Kumeneko anadziwana ndi azungu okalamba, ogwira ntchito m'migodi kale, ndipo ndiwo anawaumiriza kuti aime pachisankho. Mu Meyi anapambana ukhansala. Chiyambire pamenepo misonkhano inawachulukira, khasu n'kulisiya m'manja mwa a Dunstan, mkulu wa mpingo wawo, wochokera ku Dedza.

A Overtone anatola foni.

"Achimwene, kodi ndinakusiyirani munda kapena dambo lodyetsera mbuzi? Mukanangonena kuti simungathe! Mawa anthu azinena kuti khansala walephera ndi munda wake womwe."

Anadula foni a Dunstan asanayankhe.

A Modester anapachika shati ija bwinobwino. Iwo sanali munthu wa mawu ambiri. Ankakumbukira kajumbo kamene a Dunstan ankawapatsira pakhomo la tchalitchi Lamlungu lililonse, mwakachetechete, ngati akubweza chinthu chobwereka.

"Bambo a Tiya, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwapitako liti kumundako?"

"Mu Juni."

"Valani, tikaone. Msonkhano wanu ndi wamasana."

M'basi a Overtone ankangogwedeza mwendo. A Modester anatsinzina n'kupempha Mulungu chinthu chimodzi chokha: kuti amuna awiriwa adzakhalenso pa benchi imodzi Lamlungu.

Atalowa pachipata, a Overtone anaima. Mizere inali yowongoka ngati yakwawo. Bonongwe anali wofika m'chiuno, chisoso chili biriwiri, nkhwani utayanga mpaka m'kanjira. Udzu panalibe ngakhale umodzi. Pakati pake panali a Dunstan atanjuta, akuthyola masamba.

"Takulandirani kudambo, a khansala," anatero osadzuka. "Nanga mbuzi mwazisiya m'basi?"

"Bonongwe ameneyu wachokera kuti?"

"Ku Dedza, mu envulopu. Chisosocho chinabwera chokha, chitamatirira pa sokosi za mlamu wanga. Chinalowa dziko lino popanda pasipoti."

A Modester anaseka atagwira pakamwa. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndiwo zija mwakhala mukunyambita nazo zala Lamlungu, mumayesa ndimagula kushopu?"



Apo n'kuti mayi Thompson, wapampando wa komiti ija, akubwera kuchokera kumunda wawo wa kabichi, mbale yotsuka ili m'manja. Anafotokoza m'Chingerezi, nkhope itafiira. Sabata yatha, poyendera minda, sanaone mbatata kapena anyezi, koma zomera zazitali zimene iwo amazula akaziona. Ndiye analemba kalata. Patapita masiku awiri anapeza a Dunstan akuthirira tchire lomwelo, n'kuyesa kuti mkuluyo mutu wasokonekera. M'mawa mwake a Dunstan anawabweretsera tchirelo lophika, lotendera.

"Kalatayo ing'ambeni," anatero mayiwo, akubweza mbale. "Koma njere zake zisaulukire kwa anzanu. Ndipo chaka chamawa ndikufunako mzere umodzi."

Mayiwo anachoka. A Dunstan anapitiriza kuthyola ndiwo, n'kumaziika m'kajumbo. A Modester anaona kuti mkuluyo akamasuntha ankagwira bondo, ndipo anadziwa kuti munda umenewu ankauthirira atangoweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba, atakwera mabasi awiri. Anaonanso kuti ngakhale foni ija inali italira m'mawa womwewo, kajumboko kanali kopita kunyumba kwa a Overtone.

Anawayang'ana amuna awo.

A Overtone anavula jekete n'kuwapatsa akazi awo. Analowa mumzere ndi nsapato zawo za ku khonsolo, nagwada panthaka yonyowa pafupi ndi a Dunstan.

"Mudetsa buluku, a khansala. Anthu aziti chiyani?"

"Azinena zimene afuna." Anakweza mawu, mpaka mzungu wa munda woyandikana nawo anatembenuka. "Achimwene a Dunstan, mwandisungira munda, mwandidyetsa, ine n'kukutukwanani ndisanaone. Ndalakwa. Ndikhululukireni."