Nambala ya Pulambala

"Amayi, kodi inu mumakonzanso zimbudzi?" mwana anafunsa tsiku lina, akuwapatsira foni. "Bambo awa akuti chawo chatseka."

Mayiyo ndiye ankakonza tsamba la pa intaneti la bungwe la amalonda, pomwe membala aliyense amaoneka ndi chithunzi komanso nambala ya foni. Kompyuta inkakana kusunga tsamba lopanda nambala, ndiye membala akachedwa kutumiza yake, iye ankayamba waikapo ya iye mwini. Apa mpamene anakumbukira kuti ya pulambala, neba wake wa kuseri kwa mpanda, sanaisinthe.

Kwa masabata atatu anakhala akukalipira anthu oimba, kuwayesa achipongwe. Masabata omwewo pulambala ankangoswera pakhonde, kupukuta sipanala yoyera kale.

Mayiyo anapita kumpanda.

"Aneba, ntchito ikuyenda?"

"Iyende kupita kuti? Abungwe munati makasitomala azindipeza ndili khale. Kukhalako ndiye ndakhaladi, mpaka mpando wandizolowera."

"Amakufunanitu, koma amaimba kwa ine. Ndinaika nambala yanga. Dzulo wina anati m'nyumba mwake mwadzaza madzi, ine ndinamuuza kuti agule bwato."

Pulambala anayang'ana sipanala, kenako n'kuyang'ana neba wakeyo.

"Angati?"

"Khumi ndi anayi. Mawa ndisintha nambala, ndipo onsewo ndiwaimbira ndekha kupepesa."

"Muyambire wa bwatoyo," anatero pulambala, akulimbana ndi phwete. "Mukatero, mpope wanu wodontha uja ndidzaukonza Loweruka. Musaimbe foni, mungadziyankhe nokha. Mungogogoda pampandapa."