Matayala a Pamalata

Womata matayala wina, amene anthu ankangomutcha Chigamba, anachoka kuchipatala dzuwa lili paliwombo. Mwana wake wamkazi wa zaka zisanu anali atagonekedwa kachiwiri ndi malungo a dengi, ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo nesi sanabise kuti ulendo wachiwiri ndiwo woopsa. M'nkhama mwa mwanayo munali mutayamba kutuluka magazi. Mayi ake anatsala komweko, akumunyowetsa milomo ndi supuni.

Pakhomo anapeza mayi wa zaumoyo akusuzumira m'mgolo ndi tochi. Chigamba anafotokoza kuti pano palibe cholakwa: mgolo amavindikira, zitini anakwirira, ngakhale mbale ya galu mkazi wake amaitsuka ngati ya apongozi. Neti nayo ilipo, yopanda bowo. Mayiyo anayankha kuti udzudzu uwu, wamawanga oyera m'miyendo, suyembekezera kuti munthu alowe m'neti. Umaluma masana, ndipo madzi odzaza chivindikiro cha botolo amaukwanira kuswana.

Kenako anakweza maso.

"Bambo, nanga pamwambapo pali chiyani?"

Panali matayala asanu ndi atatu, amene Chigamba anapsinjira malata kuti mphepo isawasasule, poti mitengo ya denga inafumbwa, sigwiranso misomali. Anabwereka makwerero kwa wometa tsitsi woyandikana naye, amene anamuseka kuti wayamba kumata ndi nyumba zomwe. Chigamba anakwera padenga.

Malata ankawotcha mawondo. Anapendeketsa tayala loyamba. M'mimba mwake munali madzi amvula obiriwira, timphutsi tikungoti piringupiringu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachinayi linali pamwamba penipeni pa zenera limene mwanayo amakhalapo pojambula. Anayesa kukhuthula, koma tayala silitha madzi: ukalitembenuza, amangothamangira mbali ina. Analiponya pansi, lata n'kudzuka pang'ono, n'kulira.

Ataimirira kuti awongole msana, anaona msewu wonse. Pa telala, pa wometa, pa mayi wogulitsa makala, mpaka kokhotera uko, nyumba iliyonse inali itasenza matayala. Onse anawazindikira. Iye ndiye ankagawa ulere matayala otha ntchito, anthu n'kumamuthokoza kuti ndi munthu wamtima.

"Ndiyambire pati, mayi?" anafunsa.

Mayiyo anati wopopera mankhwala mwina abwera mwezi wamawa. Kumadzulo mitambo inali itada kale. M'thumba foni inayamba kulira, nambala ya mkazi wake, ndipo Chigamba anangoigwira, manja akudontha madzi obiriwira aja.