Madzi Anu

M'chaka chachiwiri chifikireni Lusia m'mudzi wina wa kumtunda kwa Nkope, anthu anayamba kunong'onezana kuti likodzo labwera ndi alendo. Iyeyo anali mmodzi wa alendowo. Anathawa nkhondo kumapiri a kuseri kwa Mandimba atasenza mphika umodzi basi, ndipo kunena zoona, eni mudzi anamulandira bwino. Anamupatsa kamalo komangapo, ndi kamunda ka chinangwa komwe.

Koma ana atayamba kukodza magazi, komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo inagamula kuti mwezi ukatha, a ku Mozambiki asadzatungenso kapena kuchapa pathawale la kuseri kwa mzikiti. Azikatunga kunyanja, ulendo wa ola lathunthu ndowa ili pamutu. Amene anakakamira kwambiri zimenezi anali a Mwanabibi, oyandikana naye nyumba, omwe tsiku ndi tsiku ankabwerekana naye lichero. Zimenezi zinamuwawa Lusia kuposa mtundawo.

Nkhaniyi itamveka kuboma, kunabwera a Howard, wa zaumoyo, panjinga yamoto yotsokomola. Anapempha komiti kuti isaweruze asanayeze. Anali munthu wodziwa ntchito yake, koma wamanyazi mochititsa chisoni. Kutchula mawu oti mkodzo pamaso pa amayi a msinkhu wa apongozi awo, ayi ndithu, lilime linkakana. Atagawa timabotolo, anakonza kukhosi nati:

“Mawa dzuwa likakwera, aliyense abweretse madzi ake m'kabotoloka. Madzi anu, mwamva eti?”

Eni mudzi anamva, nayang'ana pansi. Lusia, amene Chichewa chake chinali chogulira mchere pamsika, anamva madzi enieni. Njira yonse ankadzifunsa kuti madzi ake ndi ati, munthu woti ngakhale dothi logonapo ndi lobwereka. M'mawa anapita pathawale, pakangodya ka m'bango pamene ankatunga masiku onse, namiza kabotolo kaja. Munalowa kankhono kakang'ono ngati njere ya mapira. Anafuna kukataya, koma anaopa kuti angati wabisa kanthu, choncho anangotseka.

Patebulo la a Howard timabotolo tinandandalikana, tina tachikasu, tina tofiirira. Ka Lusia kokha kanali mbee ngati madzi a mvula. A Mwanabibi anaphulika ndi chiseko, ndipo che Bakali, msodzi wokalamba amene anali wapampando wa komiti, anaseka mpaka kofiya inagwera m'fumbi.

“Alusia inu,” anatero a Mwanabibi akupukuta misozi, “adokotala amanena madzi aja otaya kuseri kwa nyumba!”

Lusia anakhumba nthaka itang'ambika. Koma a Howard, amene nawo anali atayamba kumwetulira, anakweza kabotolo kaja m'mwamba, kumwetulira kuja n'kuzimirira.

“Mayi, mwatunga pati madziwa?”

“Pathawale, bambo. Pamene timatunga tonse.”

Anakaika padzuwa nauza anthu kuti asachoke. Patapita nthawi ndithu anatulutsa galasi lokulitsa zinthu, naitana che Bakali. Mkuluyo anasuzumira monyinyirika, kenaka anadzuka msangamsanga ngati waponda munga.

“Subuhana! Muli tinthu tikusambira umu!”

“Likodzo lija ndi limeneli, che Bakali,” anatero a Howard, manyazi onse atathawa tsopano. “Mazira ake amatuluka ndi mkodzo, amakakulira munkhono, kenaka timeneti timalowa pakhungu la aliyense woponda m'madzimo. Sitifunsa kuti kwanu n'kuti.”

Anthu anasuzumira mmodzimmodzi. A Mwanabibi atasuzumira, anayang'ana mapazi awo.

Patatha mlungu, a Howard anabwera ndi zotsatira za timabotolo tina tija. Mwa eni mudzi khumi alionse, asanu ndi awiri anali nalo. Mwa alendo, awiri okha, poti kumapiri kwawo ankasamba m'madzi othamanga. Che Bakali anakanda ndevu nthawi yaitali.

“Ine ndisaname,” anatero. “Ife tili anyamata tonse tinkakodza zofiira, nkhondo ya kwa anzathuwa isanayambe n'komwe. Tinkati ndiko kukula. Amene sanakodze magazi tinkamuseka kuti akadali mwana.”

Komiti inafafaniza chigamulo chija tsiku lomwelo, n'kulemba china. Pathawale pasatungenso, kuchapa kapena kusamba munthu aliyense, mwini mudzi kapena mlendo. Amuna anadula bango lonse, mapiritsi anagawidwa khomo ndi khomo, ndipo a Howard anapita ndi kalata ya komiti yopempha mjigo kuboma, kabotolo ka Lusia kali m'chikwama. Miyezi ingapo amayi onse ankapita kunyanja limodzi, akudandaula limodzi, ndipo Lusia anadabwa kuona kuti ola lija ndi lalifupi mukamayenda ambiri.

Chilimwe chisanathe, galimoto yokumba mjigo inafika. Tsiku loyamba kutunga, mzere unali wautali, ndipo Lusia anaima kumapeto monga anazolowera. A Mwanabibi, amene anali kutsogolo penipeni, anachotsa ndowa yawo pampope, natembenuka.

“Alusia, tabwerani kuno. Tungani madzi anu.”

Amayi onse anafa nacho chiseko, poti mawuwo anali atasanduka nthabwala ya mudzi wonse. Lusia anaseka nawo, naika ndowa yake. A Mwanabibi ndi amene anagwira chitsulo n'kuyamba kupopa. Madzi akugwera m'ndowamo, Lusia anakumbukira kuti chiwolokereni malire, palibe anamuuzapo kuti chinthu ndi chake. Anadzaza ndowa mpaka kusefukira, ndipo palibe anamuuza kuti afulumire.