Mwini Wachinayi ndi Ufa Wake

Tsiku limene wailesi inapeza mwini wachinayi, a Tseng, mkulu woyang'anira makina, anaima pakhomo la situdiyo ndi kapu ya tiyi m'manja nati, "Uyu yekha muchenjere naye. Anzake aja ankafunsa kuti mawu athu amafika mpaka mudzi uti. Uyu wafunsa kuti omvera athu ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati amakhala okha." Palibe anawalabadira. A Tseng anali atanyinyirikapo za mwini aliyense, moti anthu ankangowamva ngati kulira kwa fani.

Pei-shan naye anangoti eya, uku akupukuta mamina a mwana wake Tang-tang. Zaka zisanu ndi ziwiri akuulutsa mawu pa kawailesi aka ka ku Yunlin, ku Taiwan, zinamuphunzitsa kuti mwini aliyense amabwera ndi misala yake. Woyamba, a Yeh okalamba, ankangofuna kuti asodzi ndi alimi a adyo amve za nyengo, koma ankatsegula chitseko pulogalamu ili mkati kudzafunsa ngati mwadya. Atamwalira, ana awo anagulitsa kwa akomiti a kachisi, amene analetsa nyama m'nyumba monse pa tsiku loyamba ndi lakhumi ndi chisanu la mwezi, mpaka Pei-shan, ali woyembekezera, ankakadyera nkhuku kuseri kwa mlongoti ngati wakuba. Kenako kunabwera wandale wofuna dzina lake litchulidwe ngakhale polengeza za namondwe. Atagwa pachisankho anaiwala zoti ali ndi wailesi. Tsopano inali ya a Hung, ogulitsa mankhwala azitsamba.

Atatu oyambawo sanakhudzeko pulogalamu ya masana, pamene agogo amatchaya lamya n'kuimba nyimbo zawo zakale dera lonse likumva. A Hung anaikhudza sabata yoyamba. Wogula bokosi la mankhwala a mawondo ndiye aziimba. Wogula awiri aziimba mpaka ndime yomaliza.

"Bwana, agogo Chiu akhala akuimba Lachitatu lililonse chiyambire nthawi ya a Yeh," anatero Pei-shan.

"Ndiye mawondo awo atopa. Agule."

Pei-shan anabwerera pa maikolofoni. Zipinda ziwiri za pamwamba pa situdiyo, momwe ankagona ndi mwana, zinkayendera limodzi ndi ntchitoyo. Mwamuna wake ankagwira ntchito kufakitale ku Taichung ndipo ankabwera kawiri pamwezi. Ndi ntchito iti ina imene ikanalola kamwana ka zaka zitatu kusewera m'khonde, amake akukaona pagalasi uku akulankhula? Choncho anawerenga zotsatsa za mawondo, za maso, za chiwindi, ndi mawu omwe aja amene ankalengezera maliro a m'midzi.

Mwezi wachitatu kunafika makatoni a zitini zachikasu: ufa wokulitsa ana. Pei-shan anatenga chitini chimodzi n'kuchitembenuza mbali zonse. Panali chithunzi cha mnyamata wamtali ngati nsungwi. Zimene anaikamo, kumene anaupangira, tsiku lothera mphamvu, zonsezi kunalibe. Anatsegula n'kununkhiza. Shuga, ndi kafungo kena kamene sanakadziwe.

"Muli chiyani muno, bwana?"

"Muli msinkhu," anatero a Hung, akulavulira malovu ofiira a mtedza umene ankatafuna m'kapu yapepala. "Tamverani, amake Tang-tang. Loweruka m'mawa tikaulutsira pabwalo la kachisi. Agogo onse olera zidzukulu akakhalapo. Inu mukanyamule mwana, akamwe kapu imodzi pamaso pawo, maikolofoni ili pafupi kuti kumeza kwake kumveke. Basi. Katundu yense atha dzuwa lisanafike pamutu."

"Mwana wanga sadya chinthu chimene sindikuchidziwa."

"Iii, amayi a masiku ano! Mwana akatsokomola kamodzi mwathamangira kuchipatala. N'chifukwa chake kakufanana ndi botolo la sosi. Katatu konse ndakapunthwa m'khondemu osakaona."

"Adokotala anati msinkhu wake uli bwinobwino."

"Adokotala ndi amene anakupatsani zipinda zapamwambazo?"

Pei-shan anabweza chitinicho m'katoni n'kuchokapo. Anakawauza a Tseng, amene anangoti mwini aliyense amasiya katundu wake pa mawaya awo. Analembera mwamuna wake uthenga. Iye anayankha kuti, "Ungomupatsa kapu ya mkaka wa soya, adziwa ndani?" Anaganizapo masiku awiri. Koma agogowo akakagula ufa weniweni, osati mkaka wa soya, ndipo akakagula chifukwa aona mwana wa Pei-shan akumwa.

Lachisanu masana agogo Chiu anapeza mpata woimba, popeza anali atagula mabokosi awiri. Anaimba ndime yoyamba ndi mawu awo onjenjemera aja, kenako analekeza, zing'wenyeng'wenye zikupitirira zokha.

"Pei-shan mwana wanga, ndifunseko anthu akumva. Ufa ujatu, wako uja akumwadi? Ndili ndi kachidzukulu kuno, amake ali ku Taipei, amangondinena kuti sindikadyetsa. Iwe ukati ndigule, ndigula."

Kuseri kwa galasi a Hung ankagwedeza mutu mwamphamvu, chala chikuloza pakamwa. Pei-shan anayandikira maikolofoni.

"Agogo, mwatisiya panjira! Ndime yachiwiri ija ndi imene tonse tikudikira." Anakweza nyimbo, agogowo n'kuitolanso mochedwa.

Pulogalamu itatha anatuluka akuyembekezera kukalipiridwa. M'khonde, pamene Tang-tang ankakhala ndi zidole zake, panalibe munthu. Anamupeza mu ofesi ali pamiyendo pa mayi Hung, akazi a bwana, atagwira kapu ndi manja awiri, milomo ili mbuu ndi zachikasu.

"Mukumupatsa chiyani?"

"Musakuwe, mungamudzidzimutse," anatero mayi Hung mokoma. "Tikungomuzoloweretsa. Nanga akakalavula mawa pamaso pa anthu? Onani, akuukonda."

Pei-shan analanda kapuyo. Inali itatsala theka. Anafuna kunena zambiri, za wandale uja, za akomiti aja, kuti onsewo ndi misala yawo sanamugwirepo mwana, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Munamusambitsa m'manja?" Ananyamula mwanayo n'kukwera masitepe, a Hung akufuula m'mbuyo kuti galimoto inyamuka seveni koloko, amuveke diresi yofiira.

Kumwambako anamuyang'ana lilime, maso, m'mimba. Anamugwira pamphumi, n'kudzigwira yekha, n'kumugwiranso. Anamumwetsa madzi makapu awiri. Anaimbira kuchipatala. Namwino anafunsa kuti ufawo muli chiyani, ndipo Pei-shan anati pachitinipo sanalembepo. Tang-tang ankalumphalumpha pamatiresi, wathanzi ngati kale. Ataona phala la mpunga la chakudya chamadzulo anakankha mbale.

"Ndikufuna zachikasu zija."

Apo m'pamene Pei-shan anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Anaimbira mwamuna wake.

"Tikubwera. Sitima yoyamba yochokera ku Douliu."

"Kuno? Iwe, ndimagona ndi amuna atatu m'chipinda chimodzi!"

"Auze asunthe nsapato zawo."

"Nanga ntchito?"

"Akayimbe okha a Hung, ali ndi pakamwa."

Anatsika kukapeza a Tseng akutseka chipinda cha makina. Anawafunsa ngati kagalimoto kawo kangadzuke folo koloko kukawatula kusiteshoni ya sitima ku Douliu, anthu asanayambe kupakira zitini. A Tseng anati kamadzuka kakafuna, ndipo mpando wakumbuyo wadzaza mawaya.

"Ndikhalira pa mawaya pomwepo, malume," anatero Pei-shan. "Mungoima kuseri, osaliza hutala."